Romare Bearden: Mkulu Amene Anajambula Anthu Ake ndi Sizasi ndi Guluu

Anzanga amene simunabwere Loweruka, mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti ndinalankhula zotani mpaka anthu kuchedwa kubalalika. A sekilitale andiuza kuti ndingozilemba zonse zilowe m'kalata yathu ya mwezi uno. Ndiye nazi, monga mmene ndinalankhulira, kungoti ndachotsamo malo amene ndinkachita chibwibwi.

*

A wapampando, a patironi athu, achimwene ndi achemwali, zikomo pondipatsa mpata uwu. Mundikhululukire ngati mawu akunjenjemera, aka n'koyamba kuima kutsogolo kuno. Mukuiona jumbo ndanyamulayi? Musasangalale, simuli mandasi. Nditsegula kumapeto.

Mukukumbuka mkangano wa mwezi watha? Tinagwirizana zoti tijambule chithunzi chachikulu pa khoma la holo ino. Titafunsa mtengo wa penti ndi mabulashi, tonse tinangoti kakasi. Pomaliza tinamanga mfundo yoti tidikire akufuna kwabwino. Ine ndemwe ndinali woyamba kukweza dzanja, chifukwa kudikira ndiye ntchito imene ndimaidziwa bwino. Ndinalemba MSCE zaka ziwiri zapitazo, dzina langa silinatuluke ku yunivesite, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ndimangokhala mu golosale ya azakhali anga, kukulunga sopo ndi mchere m'nyuzipepala zakale. Munthu akandifunsa kuti ukutani masiku ano, ndimati ndikudikira. Chimene ndikudikiracho, nanenso musandifunse.

Tsiku lina kulibe makasitomala, ndikungoyendayenda pa intaneti ndi kabandulo kotsala, ndinakumana ndi chithunzi cha msewu wa ku America. Nyumba za njerwa zitandandalika, ana akusewera, maliro akutuluka, anthu akusuzumira pa mawindo. Nditachikulitsa ndinaona chinthu chachilendo. Nkhope za anthuwo sizinali zojambula ndi bulashi ayi. Diso linachokera pa pepala lina, mphuno pa pepala lina, dzanja lalikulu kuposa mutu. Chithunzi chonsecho chinali zidutswa za mapepala zodula ndi kumata. Ndinayang'ana mulu wa nyuzipepala umene unali pa kauntala, n'kuyang'ananso foni. Amene anapanga chithunzicho dzina lake ndi Romare Bearden, ndipo ndi amene ndikufuna ndikuuzeni za iye lero.

Luso limeneli pa Chingerezi amati collage, mawu ochokera ku Chifalansa otanthauza kumata. Umatenga mapepala, zithunzi za m'magazini, nsalu, chilichonse chimene chingamatike, n'kudula, n'kusanja, n'kumata mpaka patuluke chithunzi chatsopano. Sikuti anayambitsa ndi Bearden. Pablo Picasso ndi Georges Braque anali atayamba kale zomata mapepala pa zithunzi zawo ku France cha m'ma 1912. Koma Bearden anatenga njira imeneyi n'kufotokozera nayo moyo wa anthu akuda a ku America mwa mtundu umene munthu wina anali asanachitepo.

Anabadwa pa 2 Sepitembala 1911 mu mzinda wa Charlotte, m'chigawo cha North Carolina, kummwera kwa United States. Nthawi imeneyo ukapolo unali utatha zaka zosakwana 50 m'mbuyomo, koma kummwerako kunali malamulo atsankho otchedwa Jim Crow. Munthu wakuda anali ndi sukulu yake, malo ake okhala m'sitima, ngakhale mpopi wake womwera madzi, ndipo ambiri ankawatsekereza kuvota. Chifukwa cha zimenezi anthu akuda anayamba kusamuka mwaunyinji kupita ku mizinda ya kumpoto. Pakati pa 1910 ndi 1970 anasamuka anthu pafupifupi 6 miliyoni. Banja la Bearden linali m'gulu limeneli. Iye ali kamwana, makolo ake ananyamuka kukakhala ku New York, m'dera la Harlem.

N'chifukwa chake mukamaona zithunzi zake mupezamo sitima kawirikawiri, nthawi zina kakang'ono chabe, kakudutsa kuseri kwa windo. Kwa anthu akwawo sitima inali chinthu chimene chimatenga m'bale wako n'kupita naye kutali, mwinanso kukubweretsera. Amene muli ndi agogo amene anapita ku migodi ya ku Joni, kapena achimwene amene anakwera basi ya ku Johannesburg ndipo mpaka lero amangotumiza mavoisi, simukufunika kuti ndikumasulireni.

Ku Harlem anakulira m'nyumba yodzaza ndi alendo. Mayi ake, Bessye Bearden, anali mtolankhani, ankaimira nyuzipepala ya anthu akuda ya Chicago Defender ku New York. Bambo ake, Howard, ankagwira ntchito ku dipatimenti ya zaumoyo ya mzindawo ndipo ankadziwa kuimba piyano. Pakhomo pawo pankabwera anthu ngati woimba Duke Ellington, wolemba ndakatulo Langston Hughes, ndi W. E. B. Du Bois. Tangoganizani, mwana ukuweruka ku sukulu n'kupeza anthu oterowo ali pabalaza.

Koma zaka zina ankakhala ku Pittsburgh kwa agogo ake aakazi, amene anali ndi nyumba yogonamo anthu ogwira ntchito m'mafakitale a zitsulo. Ambiri mwa alendowo anali amuna ongofika kumene kuchokera kummwera. Mnyamatayu ankawaona akunyamuka m'mamawa ndi chakudya chawo m'kachitini, n'kubwera madzulo atatheratu ndi moto wa m'ng'anjo. Komweko anapeza mnzake wolumala dzina lake Eugene, amene ankadziwa kujambula, ndipo ndi amene anamuphunzitsa koyamba. Eugene anamwalira akadali mwana. Patapita zaka pafupifupi 50, mu 1978, Bearden anapanga chithunzi cha maliro ake n'kuchitcha Farewell Eugene. Mphunzitsi wake woyamba sanali pulofesa. Anali mwana mnzake wa m'dera.

Pali nkhani ina imene imanenedwa kwambiri yokhudza unyamata wake. Ali pa yunivesite ku Boston anali katswiri woponya mpira pa masewera a baseball. Khungu lake linali loyera kwambiri, moti munthu wosamudziwa akanatha kumuyesa mzungu. Akuti timu yaikulu ya Philadelphia Athletics inamuuza kuti ikhoza kumutenga ngati angavomere kumadziwika ngati mzungu, chifukwa nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa mu ligi yaikulu. Mpaka mu 1947 ndi pamene Jackie Robinson anatsegula khomo limenelo. Bearden anakana. Ine ndadzifunsa kangapo: ndikanakhala ine, ndalama zili apo, chofunika n'kungokhala chete za agogo ako, kodi ndikanakana? Ndisakunamizeni, yankho silibwera msanga.

Anamaliza maphunziro ake ku New York University mu 1935, digiri yake inali ya zauphunzitsi. Kenako anakaphunzira kujambula ku Art Students League kwa George Grosz, mkulu wa ku Germany amene anachoka kwawo Hitler akutenga ulamuliro. Ankajambulanso makatuni andale m'nyuzipepala ya Baltimore Afro-American. Zithunzi zake zoyambirira za m'ma 1940 ankazijambula pa mapepala abulauni okulungira katundu. Eya, mwamva bwino, okulungira katundu.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere. Bearden sankadya za luso. Analembedwa ntchito ku ofesi ya mzinda wa New York yoona za chisamaliro cha anthu ovutika, n'kumayendera mabanja khomo ndi khomo, ndipo kwa zaka zambiri ankathandiza anthu a mtundu wa Roma. Ntchito imeneyi anaisiyiratu mu 1969, ali ndi zaka zoposa 55. Zithunzi zambiri zimene zinamutchukitsa anazipanga usiku ndi kumapeto kwa sabata, ataweruka. Ine nditawerenga zimenezi ndinachita manyazi, chifukwa ndakhala ndikunena kuti golosale ikundidyera nthawi, chonsecho theka la tsiku ndimangokhala ndikuthamangitsa ntchentche.

Musaganize kuti zinkangoyenda. Kuyambira 1942 mpaka 1945 anali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mu gulu la asilikali akuda okhaokha, chifukwa ngakhale ku usilikali kunali tsankho. Atabwerako zinthu zinaoneka ngati zatseguka. Mu 1945 nyumba ina yotchuka yogulitsa zithunzi, Kootz Gallery, inaonetsa ntchito zake, ndipo Museum of Modern Art inagula chimodzi. Koma patangopita zaka zochepa mgwirizano umenewu unatha. Mu 1950 anapita ku Paris ndi ndalama zimene boma linkapereka kwa asilikali akale kuti aphunzire, n'kukalembetsa ku Sorbonne. Atabwerera ku New York anangosiyiratu kujambula n'kuyamba kupeka nyimbo, poganiza kuti mwina ndalama zili kumeneko. Nyimbo ina imene anapeka nawo, Seabreeze, inaimbidwa ndi Billy Eckstine komanso Dizzy Gillespie. Koma mtima sunakhazikike, mpaka anadwala chifukwa cha nkhawa ndi kupanikizika maganizo. Mkazi wake Nanette Rohan, amene anakwatirana naye mu 1954, anali m'gulu la anthu amene anamulimbikitsa kuti abwerere ku zojambula.

Atabwerera, anayamba kujambula zithunzi zopanda anthu kapena zinthu zodziwika, zongokhala mitundu ndi mizere, monga mmene akatswiri ambiri a ku New York ankachitira nthawi imeneyo. Zinali zabwino ndithu. Koma akanathera pamenepo, sindikukhulupirira kuti ine ndikanaima pano lero.

Chimene chinasintha zonse chinachitika mu 1963. Chaka chimenecho anthu akuda anali pakalikiliki kumenyera ufulu wawo, ndipo pa 28 Ogasiti anthu pafupifupi 250,000 anaguba ku Washington, kumene Martin Luther King Jr. analankhula mawu ake otchuka aja. Kutatsala milungu ingapo kuti tsikulo lifike, akatswiri ojambula akuda anakumana ku situdiyo ya Bearden pa Canal Street. Funso lawo linali loti, anzathu akumenyedwa m'misewu, ife ogwira bulashi tichitepo chiyani? Anapanga gulu n'kulitcha Spiral, dzina limene anapereka Hale Woodruff. Munali Norman Lewis, Charles Alston, Richard Mayhew, Reginald Gammon ndi ena. Mkazi analimo mmodzi yekha, Emma Amos. Achemwali, pamenepo ndiye ifeyo tawaposa.

Linali gulu ngati lathu lomweli: misonkhano, mikangano, wina akuti luso lizilankhula zandale, wina akuti ayi, luso ndi luso basi. Ndiye Bearden anabwera ndi ganizo loti apange chithunzi chimodzi onse pamodzi. Anabweretsa thumba la zithunzi zodula m'magazini kuti aliyense azitengamo n'kumamata. Anzakewo sanachite nazo chidwi. Mukuidziwa nkhope imene timapanga muno munthu akabweretsa ganizo limene sitikulifuna? Ndikukhulupirira kuti inali yomweyo. Bearden sananyanyale, sanatuluke m'gulu. Anatenga thumba lake n'kuyamba kumata yekha.

Zimene anapanga zinali tizithunzi tating'ono. Reginald Gammon ndi amene anamulangiza kuti atijambule ndi kamera n'kutikulitsa pa makina otchedwa photostat, amene tingati ndi agogo ake a fotokope. Zinatuluka zazikulu, zakuda ndi zoyera, ngati zithunzi za m'nyuzipepala koma zotalika kuposa mita. Wogulitsa zithunzi wina, Arne Ekstrom, ataziona zitapindidwa mu situdiyo anati zimenezi ndiye tikaonetse. Mu Okutobala 1964, chaka chomwe dziko lathu linalandira ufulu, zinaonetsedwa ku New York pansi pa dzina loti Projections. Chaka chotsatira zinakaonetsedwa ku Corcoran Gallery ku Washington. Bearden anali ndi zaka 53. Ine ndili ndi 20 ndipo ndimadandaula kuti ndachedwa.

N'chifukwa chiyani anthu anadzidzimuka nazo? Taganizirani kumene zidutswazo zinkachokera. Magazini ngati Life ankasindikiza zithunzi za anthu akuda, inde, koma kawirikawiri pa nkhani za umphawi, zipolowe ndi milandu. Wojambulayo ndi wina, wolemba mawu a pansi pa chithunzi ndi winanso, mwini nkhope alibe chonena. Bearden anatenga sizasi n'kudula zithunzi zomwezo. Diso la munthu uyu, chipewa cha uyo, pakamwa pa wina, kenako n'kuphatikizapo chidutswa cha chithunzi cha chigoba kapena chosema cha ku Africa chimene wachipeza m'buku. Potuluka pamenepo ndi nkhope yoti ikukuyang'ana iweyo m'maso, ndipo sungaimvere chisoni mwachisawawa, chifukwa mwa munthu mmodziyo muli anthu ambiri ndi zaka zambiri.

Izi zimandikhudza chifukwa nafenso timazidziwa. Lembani dzina la dziko lathu pa Google, mupite pa zithunzi. Mupeza nyanja, njovu, ndi mwana wamamina atanyamula mbale. Zonsezo zilipodi, sindikukana. Koma a telala a pakona paja mulibemo. Mulibe amayi a zitumbuwa amene amadziwa nkhani za dera lonse, mulibe anyamata a kabaza akuseka pa siteji, mulibe kwaya ikuyeserera madzulo. Akatijambula ena, amasankha okha choti aone.

Bearden ankajambula zinthu wamba zimene ankazikumbukira: ubatizo wa mu mtsinje, amayi akusamba m'bafa la chitini, anthu akudya chakudya chamadzulo, oimba magitala, maliro, nkhunda ndi atambala. Ankabwerezabwereza kujambula mayi wina amene ankamutcha Conjur Woman, mayi wodziwa zitsamba ndi zamizimu, amene anthu a kummwera ankamuopa koma akadwala ankathamangira kwa iye. Zambiri mwa zithunzizi anazipatsa dzina limodzi, The Prevalence of Ritual, kutanthauza kuti miyambo siitha, imangosintha malaya. China chotchuka ndi Patchwork Quilt cha mu 1970, mmene anamata nsalu zenizeni kupanga chofunda cha zigamba, ngati chimene amayi akuda a kummwera ankasoka ndi nsanza zotsala. Pamenepo ankatiuza kumene luso lakelo linachokera. Agogo aakazi anali akuchita kale collage ndi singano, kungoti palibe amene ankawaitanira ku myuziyamu.

Koma chonde, pasapezeke wina wotuluka muno n'kumati collage ndi yophweka, n'kungomata basi. Mkuluyu anatha zaka akukopera zithunzi za akatswiri akale kuti amvetse mmene anazimangira. Ankaphunzira kwa ojambula a ku Netherlands ngati Johannes Vermeer ndi Pieter de Hooch mmene ankagawira chipinda m'makona anayianayi, khomo apa, windo apo, kuwala kukulowera uku. Ankayamba ndi kumata mapepala akuluakulu a mitundu pa bolodi kuti apeze maziko, kenako n'kumaika anthu. Pena ankapala ndi sandipepa, pena kuthira penti pang'ono, pena kumatula zimene wamata dzulo. Ankamveranso jazz kwambiri. Mnzake wojambula Stuart Davis anamulangiza kuti azimvetsera woimba piyano Earl Hines, makamaka mipata imene ankasiya pakati pa manotsi. Inu oimba ng'oma mukudziwa kuti kukoma kwa ng'oma kuli pamene dzanja laima. Pa chithunzi n'chimodzimodzi, malo amene sunamatepo kanthu nawonso amalankhula.

Tsopano ndibwerere ku chithunzi chimene ndinachiona mu golosale chija. Dzina lake ndi The Block, cha mu 1971, ndipo pa Chichewa tingati mdadada. Ndi mdadada weniweni wa ku Harlem, pa Lenox Avenue, pakati pa 132nd Street ndi 133rd Street. Bearden anaujambula poyamba ndi cholembera ali pa nyumba ya mnzake, wolemba mabuku Albert Murray, imene inayang'anizana ndi msewuwo. Chithunzicho chili m'zigawo 6 zolumikiza, kutalika kwake pafupifupi mamita asanu ndi theka. Khoma lathu lija chingadzaze.

Mukachiyang'ana kuchokera kumanzere kupita kumanja zili ngati mukuyenda mu msewumo. Pali sitolo ya mowa, nyumba yokonzera maliro, tchalitchi, malo ometera, golosale. Bokosi la maliro likutuluka, pamwamba pake angelo akunyamula mzimu wa womwalirayo. Ana akusewera m'mbali mwa msewu. Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'choti anang'amba makoma ena kuti tione m'kati mwa nyumba: uyu wakhala yekha akuganiza, awa ali pa chikondi, ndipo pa windo lina pali ana ali pafupi ndi msampha wa makoswe waukulu kuposa iwowo. Sanabise umphawi, koma sanalole kuti umphawiwo ukhale nkhani yokhayo. Munthu amene anatha zaka zambiri akugogoda pa makomo a anthu ovutika ankadziwa zimene zimakhala kuseri kwa khoma. Ntchito ija imene tingati inkamudyera nthawi ndi imene inamupatsa maso. Pochionetsa koyamba anaika ndi tepi ya phokoso la mu msewu kuti anthu aziona uku akumva. Lero chili ku Metropolitan Museum of Art.

Chaka chomwecho cha 1971, Museum of Modern Art inachita chionetsero chachikulu cha ntchito zake. Mu 1977 anapanga zithunzi 20 za nkhani yakale ya Agiriki ya Odysseus, munthu amene anavutika zaka zambiri pofuna kubwerera kwawo, koma anthu onse a m'nkhaniyo anawapanga akuda. Wolemba masewero August Wilson, wa ku Pittsburgh, ataona zithunzi za Bearden anapezamo masewero awiri: Joe Turner's Come and Gone linachokera pa chithunzi cha Mill Hand's Lunch Bucket, chokumbukira nyumba ya agogo ija, ndipo The Piano Lesson linachokera pa chithunzi cha dzina lomwelo n'kudzapata mphoto ya Pulitzer mu 1990. Mu 1987 Bearden analandira National Medal of Arts kuchokera kwa Pulezidenti Ronald Reagan. Anamwalira pa 12 Malichi 1988 ku New York ali ndi zaka 76. Ku Charlotte, mzinda umene makolo ake anauthawa chifukwa cha tsankho, lero kuli paki yotchedwa dzina lake, imene inatsegulidwa mu 2013.

China chimene sindikufuna kuchidumpha n'choti atakwera sanagwetse makwerero. Anathandiza nawo pokhazikitsa Studio Museum in Harlem mu 1968. Mu 1969, iye ndi Norman Lewis ndi Ernest Crichlow anatsegula Cinque Gallery kuti achinyamata akuda amene ankakanidwa kwina azionetserako ntchito zawo. Analembanso, pamodzi ndi Harry Henderson, buku lalikulu la mbiri ya akatswiri ojambula akuda a ku America, limene linatuluka mu 1993 iye atamwalira kale.

Ndikuona achimwene kumbuyoko akupukusa mutu, ndipo ndikudziwa chimene akufuna kunena. Akuti uyu anali ndi makolo ophunzira, digiri, ntchito ya malipiro a pamwezi, ndiponso ankakhala ku New York kumene kuli anthu ogula zithunzi. Ifeyo tili ndi chiyani? Funso limeneli ndi loona ndipo sindilizemba. Sindinabwere kudzakuuzani kuti mukamata mapepala mulemera, kapena kuti kusowa ntchito ndi nkhani ya maganizo chabe. Ayi. Ine ndemwe ndikufunabe malo ku koleji, ndipo sizasi sindipatsa malo amenewo. Penti tikumufunabe, ndipo kalata yopempha thandizo ija ipite ndithu.

Chimene ndikukana n'choti tikhale manja lende mpaka tsiku limene galimoto ya akufuna kwabwino idzaime panja apo. Fisi akatola fupa sadikira nyama ya mawa. Bearden anali ndi penti, anali ndi mabulashi, anaphunzira mpaka ku Paris, koma chimene chinamutsegulira njira ndi thumba la mapepala amene anthu ena akanayatsira moto. Ndipo nkhani imene anafotokoza sanakaitenge kutali. Inali ya agogo ake, ya mnzake Eugene, ya msewu umene ankauona pa windo.

Ndiye nditsegule jumbo ija. Umu muli nyuzipepala za ku golosale, azakhali andipatsa, sindinabe. Muli makalendala awiri akale, mapepala a sopo ndi a shuga, timakhadi ta mayunitsi togwiritsa kale ntchito, zidutswa za zitenje zimene ndatola kwa a telala, sizasi ya amayi anga, ndi kabotolo ka guluu. Guluu akatha tiphika phala la ufa wa chinangwa, limamata bwinobwino, tonse tinamatirapo makaiti tili ana.

Pempho langa ndi ili. Tipange mdadada wathu. Titenge msewu umodzi wokha, kuchokera pa chigayo kukafika pa mjigo. Tigawane m'magulu 6 ngati zigawo za The Block, gulu lililonse katoni yake yaikulu. Sabata yoyamba tisamate kanthu. Gulu lililonse likakhale pa gawo lake ola limodzi ndi kope ndi pensulo, kumangoyang'ana: ndani amadutsa, wanyamula chiyani, khomo lapentedwa mtundu wanji, ndani amakhala pakhonde tsiku lonse. Sabata yachiwiri tidzayambe kudula ndi kusanja, osamata msanga, mpaka gulu lonse litagwirizana. Amene mumati simudziwa kujambula, ulendo uno mulibe pothawira, chifukwa sizasi aliyense amaidziwa. Inu a mafoni abwino mujambule phokoso la msewuwo, chigayo, ma minibasi, ana, kwaya, kuti tsiku loonetsa lidzamveke.

Malamulo ndi atatu basi. Osadula buku la ku laibulale kapena la mng'ono wanu. Osadula chitenje cha amayi chimene akuvalabe, ine sindidzakuikirani kumbuyo. Ndipo ngati mukufuna kuikapo nkhope ya munthu weniweni wa m'dera lino, mukamupemphe kaye, ndipo zimene zili kuseri kwa khoma la mnzanu musaziike poyera m'njira yoti aliyense amuloze chala. Tikudandaula kuti ena amatijambula osatifunsa, ndiye ife tisachite zomwezo kwa anansi athu.

A wapampando, ndikupempha kuti ganizoli lilowe m'mfundo za lero tivotere. Mukalikana sindikwiya, ndakuuzani kale zimene mkulu uja anachita anzake atamukanira. Loweruka likubwerali 2 koloko ndidzakhala pano ndi jumbo yangayi. Amene mukubwera mutenge sizasi yanu, chifukwa iyi amayi akuifuna isanakwane 5 koloko.

Zikomo kwambiri.

*

Kwa inu amene kunalibe: ganizo linadutsa, ndipo magulu anayi adzaza kale. Kwatsala gawo la pa chigayo ndi la pa malo ometera. Lembani dzina lanu mu gulu lathu la WhatsApp lisanafike Lachinayi, ndipo amene muli ndi makatoni akuluakulu kunyumba mutiuze tidzatenge. Zithunzi za The Block ndi The Dove ndaziika kale m'gulumo, muziyang'ane mozikulitsa musanabwere.